Uta wa a Chalwe

A Chalwe, kalipentala wa mumzere wathu ku Chawama mu Lusaka, anamwalira Lamlungu pa 11 Malichi 1979, ndipo shedi yawo yogwiriramo ntchito inatsekedwa tsiku lomwelo. Loko amene tinaikapo anali wa pa bokosi langa la zovala. Ndinabwereketsa poganiza kuti abwera maliro akangotha, koma anakhala pamenepo mpaka mu Juni.

Ndinawapeza kale m'komboni pamene ndinasamukiramo pa 3 Januwale 1966, nditapatsidwa kalasi pa sukulu yapafupi. Anali Mbemba wa ku Luwingu, wamfupi, wa mapewa aakulu, wosakonda kulankhula. Kwawo anachokako mu 1949 kupita ku migodi ya ku Mufulira, kumene ankanyamula mitengo yochirikizira pansi pa mgodi. Fumbi litayamba kuwatsokomoletsa anatsikira ku Lusaka mu 1958, nagwera m'manja mwa a Nassoro, Myao wa ku Nyasalande, Msilamu, amene ankapanga zitseko ku Kanyama. A Nassorowo pa unyamata wawo ankakhoma mabwato akuluakulu kwawoko, ndipo ntchito yawo ankaigwira mwanjira yawoyawo. A Chalwe anakhala nawo zaka khumi, kenako anamanga shedi yawo ya malata akale kuseri kwa nyumba.

Zitseko zambiri za mumzere wathu zinali za manja awo, mafelemu a mawindo, mipando ya m'tchalitchi chathu, ndi mabokosi a anthu amene tinaika m'zaka zimenezo. Thabwa ankayamba alinunkhiza asanalidule. Chida sankabwereketsa, ngakhale hamala. M'shedimo simunkalowa munthu kupatula mkazi wawo, ndipo ukawafunsa kuti ichi mwagwirachi n'chachiyani, yankho linali limodzi: "Ni cha nchito."

Mkazi wawo anali Virginia, Mnsenga wa ku Petauke. Tonse tinkamuitana bana Chibwe, potengera mwana wawo mmodzi yekhayo, mtsikana amene nthawiyo anali ku sukulu yogonera komweko. Virginia anali ndi tebulo mumsika, la kapenta ndi nyemba. Mwamuna atamwalira anavala zakuda n'kukhala m'nyumba, monga mwa mwambo wa kuchimuna. Sakanatha kupita kumsika, kapena kukhudza zinthu za malemu, mpaka abale a mwamuna atabwera kudzamumasula. Ngakhale akanauma mutu n'kupita, palibe akanagula chakudya m'manja mwa namfedwa wosamasulidwa. Abalewo anatumiza mawu akuti adikire mvula ithe ndi chimanga chilowe. Atcheyamani a msika anadikira Malichi, Epulo ndi Meyi, kenako ananena poyera kuti tebulo likadzakhalabe lopanda munthu pakutha kwa Juni, alipereka kwa wina. Ofuna anali ambiri.

Alendo anafika Lachinayi pa 21 Juni. Anali awiri: a Kapembwa, amalume ake a malemu, nkhalamba yowonda yovala jasi la usilikali, ndi a Mutale, mwana wa mlongo wa malemu, amene ankagulitsa nsapato m'sitolo ina ku Kitwe. A Mutale ndiwo anasankhidwa kulowa dzina. A Kapembwa sankadziwa Chinyanja, choncho a Mutale ndiwo ankamasulira. Ine ndinaitanidwa kuti ndikhale kumbali ya Virginia, chifukwa abale ake a ku Petauke anali atabwerera kale. Iye anakhala kuchipinda kuseri kwa katani, ife pabalaza.

Malonje atatha, nkhalamba inafunsa funso lalifupi.

"Bakamba ati uta uli kuti," anatero a Mutale.

"Uta wa chani?" anafunsa Virginia kuseri kwa katani.

"Uta, mulamu. Wolasila nyama."

"Mu Chawama muno? Alase chani, makoswe?"

A Mutale sanamasulire zimenezo. Anatifotokozera kuti kwawo mwamuna akamwalira, wolowa dzina amalandira uta wa malemu m'manja, ndipo akatero ndi pamene namfedwa amamasulidwa. A Chalwe nawonso analandira uta wa amalume awo ena ali mnyamata. A Kapembwa anawaona ndi maso awo akukwera nawo lole mu 1949, utakulungidwa m'chiguduli. Popanda utawo panalibe choti achite.

Virginia anati pa zaka zonse za banja lake sanaonepo uta. Tinafufuza m'nyumba tsiku lotsatira, pansi pa bedi, m'denga, m'sutikesi. Panatsala shedi.

Loweruka pa 23 Juni ndinatsegula loko wanga. A Kapembwa anakhala pa mpando pakhomo la shedi, ine ndi a Mutale tikutulutsa zinthu n'kumaziyala pa masaka. Virginia sankaloledwa kuyandikira, kotero munthu yekhayo amene analowamo m'shedimo mwini wake ali moyo anatsala m'nyumba. Anthu a mumzere anasonkhana kumpanda.

Poyamba zinayenda bwino. Sowo, hamala, tupa, matchizulo, sikweya, kasemasema, zitini za misomali yowongoledwa. Izi aliyense ankazidziwa. Titachotsa matabwa amene anatsamira kukhoma tinapeza mabokosi ena awiri, ndipo m'menemo munatuluka zinthu zimene palibe anali ataziona.

Choyamba chinali chitsulo cha zogwirira ziwiri zotambasuka ngati mapiko, ndi kampeni pakati.

"Handulo ya njinga ya mwana," anatero a Mutale.

"Awe, iyo ni yopalila mamba ya nsomba," anayankha mayi wina kumpanda. "Ninaionapo ku ba India."

"Nsomba ya bwanji yamene mugwila na manja yabili?" anafunsa a Mutale.

"Imwe ba Kitwe, gulisani chabe nsapato."

Chinatsatira kamtengo kolowetsedwa m'kachidutswa ka thabwa kamene kankasendera uku ndi uku, kumapeto kwake kutatulukira kansonga ka msomali. Wina anati ndi msampha wa mbewa. A Kapembwa anakatembenuza, nakhudza kansongako ndi chala, n'kunena kuti n'kotemera mphini. Anakaika patali ndi phazi lawo, napukuta chalacho pa jasi.

Kenako kunatuluka chinthu chonga pulayala, koma cha kamwa lopotoka ndi kasikuluwu pambali. Bambo wina wokonza mawailesi anati chimenecho n'chozulira mano, ndipo anachiona kuchipatala ali mwana. Nthawi yomweyo kunapezeka mayi amene anakumbukira kuti mlamu wake anadwalapo dzino, napita kwa a Chalwe, n'kubwerako ali bwino. Ine ndikudziwa kuti mlamuyo anapitira chitseko, koma mawu anali atayenda kale kumpanda. Pofika masana a Chalwe anali atasanduka wozula mano.

"Ba Ticha, belengani apa," anatero a Mutale, akundipatsa chitsulo china chokhala ndi zilembo.

Ndinapukuta dzimbiri n'kuwerenga. Linali dzina la mzinda wina wa ku Mangalande.

"Manje chichita chani?"

"Sanalembe. Alemba kumene chinachokera basi."

Zonse zimene zinali ndi zilembo zinali choncho. Panalinso timatabwa tolimba tofanana msinkhu, ngati ana a mimba imodzi, kalikonse ndi kampeni kake, koma kunsi kwake kosiyana: kena kokumbika, kena kotukuka, kena ngati masitepe. Kuti n'topalira matabwa ndinaganiza ndithu, koma chifukwa chokhalira tambiri chotero sindinachidziwe. A Kapembwa analamula kuti tipange milu itatu. Wina wa zodziwika, wina wa zosadziwika, ndi wachitatu wa zinthu zimene iwo sanafune kuti munthu azigwire kawiri. Mulu wachitatuwo unkakula msanga kuposa inayo. Munalowa kotemera mphini kaja, botolo la phula lonunkha ngati chikopa chowola, chingwe chopakidwa zofiira, ndi kamtengo kozungulira ngati kamunsi, ka nsonga yachitsulo, kamene kanali ndi kachipewa ka thabwa.

Ndinali nditakhala moyandikana ndi munthuyu zaka zoposa khumi. Ndinkamva sowo wake m'mawa uliwonse pokonzekera kupita kusukulu. Nditayang'ana milu ija ndinayamba kukayika ngati ndinkamudziwa n'komwe.

A Mutale anatuluka m'shedi akumwetulira, atanyamula chinthu cha mitengo itatu yolumikizana, chingwe chopotedwa chitamangidwa kumtunda kwake ndi kamtengo kotsekera pakati.

"Ba yama, si uyu?" Ba yama ndiye kuti amalume m'Chibemba.

Nkhalamba inayang'ana, n'kuseka kwa nthawi yoyamba chifikireni. Inanena mawu angapo, anthu odziwa Chibemba kumpanda n'kuseka nawo.

"Bakamba chani?" ndinafunsa.

"Ati nikayende nayo ku Kitwe nikalase makasitoma."

Chimene tinkafuna chinapezeka shedi itatsala pang'ono kutha. Chinali m'mwamba, pansi pa malata, chitagonekedwa pa misomali iwiri. Ndodo yopindika, yakuda ndi thukuta la m'manja, chingwe chachikopa chitamangidwa mbali zonse ziwiri koma cholendewera. Kutalika kwake kunali kuchokera paphewa langa kufika kunsonga za zala, n'kupitirira pang'ono. Mbali imodzi inali yosongoka bwino. Mbali inayo inali yodulidwa ndi sowo, ndipo panali poboola polowetsa chingwe.

A Kapembwa anailandira ndi manja awiri. Anaisisita mbali yosongokayo, naiyang'ana padzuwa. Anaimirira, naiimika pansi. Inawafika m'chiuno.

"Ati ni wamene," anatero a Mutale. Nkhalamba inalankhulanso. "Ati si wamene. Uja unali kufika pa khosi." Inalankhulanso kachitatu, motsitsa mawu. "Ati mutengo ni wamene."

Ndinalowa m'nyumba kukamufotokozera Virginia. Sindinamalize n'komwe.

"Chokokela icho," anatero. "Ndiye chamene mwavutikila zuba yonse?"

"Ukuchidziwa?"

"Ba Ticha, onani." Ananditambasulira dzanja lamanja, n'kundionetsa zikang'a m'munsi mwa zala. Anati chingwe chija chimakulungidwa pa kamtengo kozungulira ka nsonga yachitsulo. A Chalwe ankakanikiza kachipewa pamwamba, iye n'kumakoka ndodoyo uku ndi uku, kamtengoko n'kumazungulira mpaka thabwa litaboola. Anali atakoka kuyambira chaka chimene anakwatiwa, 1962. Kamtengoko ndi kaja tinali titaika pa mulu wa zoopsa.

"Nanga unachokera kuti?"

"Ninaupeza."

"Sananenepo kuti ndi uta wa kwawo?"

"Imwe munabaziba bashi Chibwe. Benze kukamba?" Bashi Chibwe ndiye kuti bambo a Chibwe. Anaganiza pang'ono. "Koma sibanafune munthu aulumphe. Nthawi zonse pamwamba."

Nditatuluka nawo mawu amenewa, a Kapembwa anagwedeza mutu kuvomereza, pakuti uta sulumphidwa. Koma sanakhutire. Ngati ndi chida cha ukalipentala, ndiye kuti mwina ndi cha mphunzitsi wake. A Mutale anati afunsidwe a kunyumba ya a Nassoro. Eni akewo anali atamwalira mu 1975, koma mkazi wawo, mayi Mwanajuma, anali moyo ku Kanyama, ndipo pa maliro a a Chalwe anabwera.

Anafika Lamlungu masana, atafunda nsalu yoyera kumutu. Anali mayi wamkulu thupi, wolankhula Chichewa cha kwawo chosasakaniza. Atangoiona ndodo ija anaitambasulira dzanja.

"Kekee wa a Nassoro uyu," anatero, kutchula dzina limene mwamuna wawo ankatchulira choboolera chotere. "Ali moyo? Ndimayesa anapita ndi madzi."

"Muziba bwino, amai?" anafunsa a Mutale.

"Ndingaiwale? Tinakwera naye sitima limodzi pochoka kwathu. Pamene a Chalwe ankayamba shedi yawo, bambo anawapatsa kuti ayambire."

"Nanga kusalumpha?" ndinafunsa ine. "Ankauika m'mwamba nthawi zonse."

"Makoswe, aphunzitsi. Chikopa mukasiya pansi mupeza atadya."

Ndinafuna kunena kuti Virginia anayamba kukoka mu 1962, pamene shedi inamangidwa mu 1968. Koma m'zaka zapakatizo a Chalwe ankagwira ntchito zina kunyumba madzulo, ndipo chida chikanatha kumapita ndi kubwera. Masiku anga sanathandize kanthu.

A Mutale atamasulira, a Kapembwa anaika ndodo ija pansi pang'onopang'ono. Ananena kuti sangapereke dzina la mwana wa mlongo wawo pa chida cha Myao. Mzimu ukasochera, udzabwerera kwa ndani? Anati abwerera ku Luwingu akafunse mlongo wawo wamkulu, mwina utawo unabwezedwa kumudzi iwo osadziwa. Adzabweranso mu Seputembala.

"Ba yama, tebulo," anatero a Mutale.

Nkhalamba inayankha kuti tebulo ndi thabwa.

Asanapite, mayi Mwanajuma analowa kuchipinda kukamuona namfedwa, ine ndikuwatsatira. Virginia anali atamva zonse. Anawapatsa moni bwinobwino, osadandaula kanthu. Pakona panali thumba la nyemba limene anagula mu Febuluwale, ndipo mayiwo atakhala pamphasa analowetsamo dzanja. Linatuluka ndi ufa ndi anankafumbwe.

"Izi ndi zogulitsa?"

"Zenze zogulisa."

"Kapenta?"

"Tinadya. Wina anaola."

"Ine a Nassoro atapita ndinakhala m'nyumba miyezi inayi," anatero mayi Mwanajuma. "Koma ife tsiku lotuluka limadziwika. Likakwana umasamba, n'kutuluka. Inu mukudikira chiyani?"

"Uta," anatero Virginia.

"Akapanda kuupeza?"

Virginia anakweza mapewa. Ndinawauza ineyo za atcheyamani ndi kutha kwa Juni. Mayiwo anapukuta dzanja pa nsalu yawo, natsazika.

Lolemba nditaweruka kusukulu ndinawapeza mayi aja atabweranso. Alendo anali atamanga kale katundu wawo. Mayi Mwanajuma anapempha kuti aionenso ndodo ija. Anaitembenuza, naiyendetsa chala kuchokera kunsonga kufika kumene inadulidwa.

"Si wathu," anatero.

A Mutale anawayang'ana. "Amai, mailo munakamba ati..."

"Dzulo ndinaonera padzuwa. Wa a Nassoro anali ndi mfundo apa, ndipo anapsa mbali iyi pamene mwana anamugwetsera pamoto. Uyu ndi wosalala. Komanso mtengo uwu kwathu kulibe."

A Kapembwa anafunsa kudzera mwa a Mutale ngati mayiwo angalumbire.

"Ine ndi Msilamu, sindilumbirira ndodo. Mwandifunsa, ndayankha. Munthu anadula uta wake kuti ufanane ndi wa mphunzitsi wake, chachilendo n'chiyani? Wautali sukokeka."

Nkhalamba inatambasula dzanja. Inatenga ndodo ija, n'kuyang'anitsitsa mbali yodulidwayo, mmene munali mizere ya mano a sowo. Kenako inayamba kulankhula, osati kwa ife koma kwa ndodoyo, mawu akukwera pang'onopang'ono.

"Bakalipila ba Chalwe," ananong'ona a Mutale. "Ati iwe, uta wa bayama bako, wamene unapaya mbawala, unaujuba na sowo? Ati kuti uziboola viseko va bantu ba mu tauni? Ati unali mwana wa bwanji iwe, kuchokela kale sunali kumvela..."

Anasiya kumasulira. A Kapembwa anapitiriza okha. Anamukumbutsa malemuyo mbuzi imene anataya ali mnyamata, ndi zaka zimene sanapite kumudzi, ndi maliro a mayi ake amene anafika atatha. Misozi inkatsika m'makwinya koma mawu sanafewe. Ine sindinadziwe ngati zinthu zikukonzeka kapena zikuipiratu. Ndinasuzumira kuseri kwa katani kuti ndione ngati Virginia akulira. Ndinamupeza atakhuthulira nyemba m'lichero, akusankha.

"Bakamukalipila ndiye kuti bamupeza," anatero osakweza mutu.

Ndinawaperekeza mayi Mwanajuma kokwerera basi. Panjira ndinawafunsa kuti zoona zake ndi ziti, za dzulo kapena za lero.

"Bambo anali ndi awiri," anatero. Tinayenda pang'ono. "Kapena mmodzi. Wopsa uja ndikumukumbukira ndithu. Mwina anali mpini wa kasemasema."

"Ndiye simukudziwa?"

"Aphunzitsi, amuna awiriwo ali kumanda. Mukufuna ndikadzutse uti?"

Mwambo unachitika Lachiwiri pa 26 Juni m'mawa, ndipo ndinapempha mnzanga kuti andigwirire kalasi. Anachita mwa njira imene mpingo sunkaletsa. A Mutale anakhala pamphasa pabwalo, a Kapembwa n'kuwaika ndodo ija m'manja, nawatchula dzina la malemu. A Mutale anaigwira chingwe chikuyang'ana kunja, mpaka nkhalamba inawatembenuzira. Virginia anatulutsidwa m'nyumba, anamupaka ufa pamphumi, namumanga mkanda woyera padzanja, n'kumuuza kuti ndi womasuka, adye ndi anthu, agwire chimene afuna.

Chinthu choyamba chimene anagwira chinali kamtengo kozungulira kaja. Anakachotsa pa mulu wa zoopsa n'kukapereka kwa a Mutale.

"Tengani na aka, viyendela pamozi."

A Kapembwa anakana. Anati uta ulibe mwana wotero. Kanatsala, pamodzi ndi milu iwiri ija, chifukwa alendo ananyamula zodziwika zokha. Zosadziwikazo ndinathandiza kuzibwezera m'mabokosi. Ndinamufunsa Virginia za chozulira mano chija, ndipo anati ankawaona a Chalwe akuchikanikiza pa sowo. Za timatabwa tofanana tija anati sankamuuza. Chitsulo cha mapiko anati sanachionepo n'kamodzi komwe.

Lachitatu pa 27 Juni anapita kumsika ndi nyemba zimene zinapulumuka, beseni limodzi losadzaza. Anapeza mayi wina atayala kale tomato theka la tebulo lake, poyembekezera Loweruka, tsiku lomaliza la Juni. Ndinadutsako masana pochokera kusukulu. Tomato anali atasendezedwa kumapeto, awiriwo akukanganabe za malire, Virginia akuloza ndi dzanja la mkanda kuti aliyense wodutsa alione. Ndinagula kapu imodzi ya nyemba. Zinali zoboola, ndipo nditaziviika theka linayandama.